Zolemba za thanki ya discus ndi zomera, kuyambira Febuluwale mpaka Okutobala

Febuluwale, sabata yachiwiri

Ndaganiza zoyamba kulemba momwe ntchito yokonza thanki yatsopano ikuyendera, chifukwa pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndakhala ndikuweta mbuna kuno ku Johannesburg sindinalembepo kalikonse, ndipo vuto likabuka ndimapezeka kuti ndaiwala zimene ndinachita ulendo wapitawo. Cholinga changa n'chakuti m'thanki imodzi yagalasi mukhale nsomba za discus, tinsomba ting'onoting'ono totha kukhala nazo mwamtendere, ndiponso zomera zamoyo zokula bwino. Anthu amene anayamba kale kuweta discus anandichenjeza kuti zitatuzi sizigwirizana kawirikawiri, koma mawu awo analowa khutu ili n'kutulukira linalo, popeza ndinkadziuza kuti munthu amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ndiponso wasunga mbuna kwa zaka zonsezi, sangalephere kusunga wachibale wa mbunazo.

Chibalecho n'chenicheni, pakuti discus, mbuna ndi chambo zonse zili m'banja limodzi la nsomba lotchedwa Cichlidae. Kusiyana kwake kuli pa madzi. Madzi a m'nyanja ya Malawi pH yake (muyeso wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka) imakhala pafupifupi 8, pamene discus kwawo ndi kumitsinje ya Amazon ku Brazil, Peru ndi Colombia, kumene madzi ndi ofunda, odekha ndiponso osowa michere ya m'miyala. Mtsinje wa Rio Negro, umene madzi ake ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka ndipo pH yake imatsika mpaka pansi pa 5.5, ndi kumene kunachokera nsomba zimene katswiri wa nsomba Johann Jakob Heckel anazifotokoza ku Vienna mu 1840 n'kuzitcha Symphysodon discus. Choncho miyala ndi mchenga zimene zinkandithandiza pa mbuna, pano zasanduka zoyenera kuzipewa.

Thanki ndi ya masentimita 150 m'litali, 50 m'lifupi ndi 60 msinkhu, zimene zikutanthauza malita 450. Madzi okha akulemera makilogalamu pafupifupi 450, ndipo tikaphatikiza galasi, mchenga ndi thebulo lachitsulo, katundu yense akupitirira theka la tani. N'chifukwa chake ndayiika kukhoma la pabalaza, kutali ndi zenera ndiponso kutali ndi khomo limene ana amadutsapo akuthamanga, chifukwa discus imadzidzimuka msanga ndipo ikachita mantha imatha kudziwombetsa kugalasi.

Febuluwale, sabata yachinayi

Pansi ndathira mchenga wosefera madzi a m'madamu osambira, wokhuthala masentimita atatu kutsogolo ndi asanu ndi awiri kumbuyo. Mwala uliwonse umene ndinali nawo ndinaudonthezera viniga, ndipo umene unatulutsa thovu ndinauika padera, chifukwa mwala wotere uli ndi laimu amene amasungunuka pang'onopang'ono n'kukweza pH. Mwa miyala 14 inatsala itatu yokha.

Mtengo umene ndaika pakati ndi muzu wa mopane, umene amagulitsa m'masitolo a nsomba pamtengo wokwera ndithu. Ndinaseka ndekha nditazindikira kuti ndi tsanya yemweyu amene amamera ku Liwonde ndi kuchigwa cha Shire, amene kwathu timamudziwa chifukwa cha nkhuni zake zosatha msanga pamoto. Ubwino wake ngwakuti ndi wolemera kwambiri moti amamira yekha popanda kumutsinjiza ndi mwala. Ndinamuviika mu mgolo kwa masiku khumi, ndikusintha madzi tsiku lililonse, komabe atalowa m'thanki madzi anafiirira ngati tiyi wa masamba ochepa. Sindikudandaula nazo, popeza mtundu umenewo ndi wa madzi a kwawo kwa discus. Pamtengopo patuluka nkhungu yoyera yonga thonje lonyowa, imene ndikuichotsa ndi mswachi wakale pamene ndikusintha madzi.

Malichi

Mwezi wonsewu m'thanki mulibe nsomba ndi imodzi yomwe, ndipo alendo akabwera amaima pagalasi kufunafuna ndi maso kenako n'kundiyang'ana mwachifundo. Ntchito ya mweziwu ndi yolera mabakiteriya a m'sefa, amene amasandutsa amoniya wochokera ku ndowe za nsomba kukhala nitrite, kenako n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Ziwiri zoyambazo zimapha nsomba ngakhale zili zochepa, pamene nitrate amapiririka ngati sanachuluke. Ndinathira amoniya mpaka muyeso wa 2 ppm (magawo awiri pa magawo miliyoni a madzi), ndipo m'sefa yatsopano ndinaikamo siponji imodzi yochokera m'thanki ya mbuna, imene sinadwalepo kwa zaka zitatu. Nitrite anaonekera tsiku lachisanu ndi chinayi, anakwera mpaka kupitirira mtundu womaliza wa papepala loyerekezera, ndipo anakhala pamenepo kwa masiku 12 osasuntha, moti ndinayamba kukayikira mankhwala anga oyezera. Pa tsiku la 31 amoniya amene ndinathira madzulo anali atatheratu m'mawa mwake, ndipo nitrite naye anali pa ziro.

Zomera ndinadzala m'sabata yoyamba, ndipo apa m'pamene kunyada kwanga kunayambira kuphwa. Hita yotenthetsera madzi ndaitchera pa madigiri 29, chifukwa discus imafuna kutentha kwa pakati pa 28 ndi 30, koma zomera zambiri zogulitsidwa m'masitolo zimakula bwino pa madigiri 22 mpaka 26. Kutsogolo ndinadzala kachomera koyanga kotchedwa Hemianthus callitrichoides, ndi chiyembekezo choti kadzafunga mchenga wonse ngati kapinga wa pabwalo. Patatha masabata awiri timasamba take tinasanduka tachikasu, kenako toonekera mkati ngati pepala lonyowa, ndipo tsiku lina m'mawa ndinakapeza kakuyandama pamwamba. Zomera zina zofiira zamapesi zinatalika mofooka, masamba a m'munsi n'kuyoyoka. Cryptocoryne nayo inasungunuka masamba onse, koma imeneyi sindinaizule, chifukwa ndi khalidwe lake ikasamutsidwa, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi timphukira tatsopano tinali titatuluka mumchenga.

Zimene zapirira ndi Echinodorus, wa masamba aatali onga lupanga amene ndamuikira timibulu ta feteleza pansi pa mizu, Anubias ndi Java fern zimene ndazimangirira kumtengo ndi ulusi popeza tsinde lake likakwiriridwa limawola, ndiponso Vallisneria kumbuyo. Vallisneria ndi udzu wa m'madzi womwe uja umamera m'malo osaya a mchenga m'nyanja ya Malawi, ndipo ndikauona ukugwedezeka ndi madzi otuluka m'sefa ndimakumbukira momwe unkatikolera m'miyendo tikamasamba tili ana.

Epulo

Tinsomba tating'ono talowa m'magulu, gulu lililonse litabindikiritsidwa kaye kwa masabata atatu m'thanki ina ya malita 120. Ndasankha cardinal tetra 30, rummy-nose tetra 15 ndi Corydoras sterbai 8. Wogulitsa ankafuna kundipatsa neon tetra, imene imafanana ndi cardinal ndipo ndi yotsika mtengo, koma ndinakana chifukwa neon imakonda madzi ozizirirapo ndipo pa madigiri 29 siikhalitsa. Cardinal kwawo ndi ku Rio Negro komweko ndi ku Orinoco, ndipo mzere wake wofiira umayambira kumutu mpaka kumchira, pamene wa neon umayambira pakati pa thupi. Mwa mitundu yambiri ya Corydoras, sterbai ndiyo imadziwika kuti imapirira kutentha, ndipo ntchito yake ndi kutola zakudya zogwera pansi.

Rummy-nose ndaikonda pa chifukwa china. Mutu wake umakhala wofiira kwambiri madzi akakhala abwino, ndipo umatuwa zinthu zikayamba kulakwika, moti m'mawa ndisanatenge mabotolo oyezera ndimayamba ndayang'ana mitu imeneyi. Cardinal ziwiri zinafa m'sabata yoyamba ya kubindikira, zina zonse zili bwino.

Meyi

Nkhani imene inanditengera nthawi yaitali kuiganizira ndi ya msinkhu wa discus zoti ndigule. Zazing'ono za masentimita 5 kapena 6 ndi zotsika mtengo, koma zimafuna kudya kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo chakudya chochuluka chotere chimafuna kusintha madzi pafupifupi tsiku lililonse, m'thanki yopanda mchenga imene zinyalala zonse zimaoneka pagalasi la pansi. M'thanki ya zomera zimenezi n'zosatheka, ndipo discus yaing'ono ikaphonya miyezi yake yokulira imapinimbira mpaka kalekale. Yopinimbira imadziwika ndi diso lalikulu losagwirizana ndi thupi, ndiponso thupi lotalika ngati dzira m'malo mozungulira ngati mbale. Ndinaona zingapo zotere m'sitolo ina, zokongola mtundu koma chipumi chopyapyala ngati mpeni, ndipo ndinatuluka osagula.

Pomaliza ndinagula discus 6 za masentimita 11 mpaka 12 kwa bambo wina woziweta kunyumba kwake, zonse zochokera m'madzi amodzi, chifukwa kusakaniza nsomba za alimi osiyanasiyana kumabweretsa matenda amene gulu lina linawazolowera pamene linalo silinakumanepo nawo. Zinayi ndi za mtundu wa red turquoise, ziwiri ndi pigeon blood, mtundu umene unapangidwa ku Thailand kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndinapempha kuti azidyetse ine ndikuona, ndipo ndinasankha zimene zinathamangira kugalasi iwo atangotukula chivundikiro. Ndinawafunsanso za madzi awo, ndipo anandiuza kuti amagwiritsa ntchito a pampopi, osasakaniza ndi china chilichonse. Zimenezi zinandichotsera nkhawa yaikulu, pakuti discus zoswedwa m'mathanki kwa mibadwo yambiri sizifuna madzi a Rio Negro kuti zikhale moyo, chimene zimafuna ndi madzi oyera osasinthasintha. Madzi a pampopi panga ndikawayeza amakhala pa pH 7.8, ndipo m'thanki, chifukwa cha mtengo wa tsanya uja, amatsika kufika pa 7.2. Ndasiya maganizo owatsitsa ndi mankhwala.

Chiwerengero cha 6 sindinachisankhe mwachisawawa. Discus ndi nsomba ya pagulu koma ndi cichlid ndithu, ndipo pagulu lililonse pamakhala mfumu ndi wotsalira. Zikakhala zitatu kapena zinayi, nkhanza zonse zimagwera imodzi mpaka imasiya kudya. Apa phunziro la mbuna landithandiza, popeza nazonso zikachuluka ndewu imagawika.

Masiku anayi oyamba m'thanki yobindikiritsira zinaunjikana pakona kuseri kwa siponji, zitada bii, mizere isanu ndi inayi yotsika kuchokera kumsana ikuoneka bwinobwino pa red turquoise zija. Mizere imeneyi imatuluka nsomba ikapanikizika ndipo imazimirira ikakhazikika. Sizinakhudze chakudya. Ndinazimitsa nyale, ndinaphimba mbali zitatu za thanki ndi makatoni, ndipo madzulo ndinkakhala pampando patsogolo pake osachita kanthu kuti zindizolowere. Tsiku lachisanu yaikulu mwa zonse inatuluka, inapendeka pang'ono n'kuuzira madzi pansi kuti kanyongolotsi kadzuke, n'kukameza, ndipo zinazo zinatsatira mmodzimmodzi.

Juni

Uwu ndiwo mwezi umene unatsala pang'ono kuthetsa ntchito yonse. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi a panja kuchita chisanu, pamene nyumba zambiri, kuphatikizapo yathu, zilibe chotenthetsera. Usiku wina magetsi anazima cha m'ma 10 koloko ndipo sanabwere mpaka m'mawa. Thanki yaikulu inatsika kuchoka pa 29 kufika pa 26, koma yobindikiritsira, imene madzi ake ndi ochepa, inafika pa 23. Ndinadzuka cha m'ma 3 koloko, ndinawiritsa madzi pa mbaula ya gasi, kuwathira m'mabotolo apulasitiki n'kuwayandamitsa m'thanki, ndipo mayi a kunyumba anabweretsa bulangeti lathu lenileni kuti tifunditse galasi. Ankawunikira ndi tochi ine ndikusintha mabotolo, ndipo anangonena kuti, "Bambo, mukadadziwa kuti nsomba zanuzi n'za m'dziko lotentha mukadayamba mwagula batire musanagule izo." Sindinawayankhe chifukwa ankanena zoona.

Sabata yomweyo ndinagula inveta (kachipangizo kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba) ndi batire yotha kuyendetsa sefa ndi hita imodzi kwa maola angapo, ndiponso kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi. Kumbuyo ndi m'mbali mwa mathanki onse awiri ndamata zofewa zoyera zija amatetezera nazo katundu m'makatoni, ndipo m'thanki yaikulu ndaika mahita awiri a mawati 200 m'malo mwa imodzi yaikulu, kuti ina ikafa ina izigwira ntchito, ndiponso ina ikakanirira osazima isaphike nsomba msanga. Kuzima kwa magetsi kuli ndi ngozi ina imene sioneka ndi maso, yakuti mabakiteriya a m'sefa yotsekeka amasowa mpweya madzi akaima kwa maola ambiri, ndipo magetsi akabwera sefa imalavulira madzi oipa m'thanki. Tsopano magetsi akazima kupitirira maola anayi ndimatsegula sefayo n'kutaya madzi ake ndisanaiyatse.

Patatha masiku asanu ndi limodzi chichitikire kuzizira kuja, discus yaing'ono mwa zonse inayamba kudzipatula. Inada thupi, inapinda zipsepse, inkatenga chakudya n'kulavula, ndipo kumbuyo kwake kunkalendewera ndowe zoyera zonga ulusi. Zizindikiro zotere kawirikawiri zimaloza ku tizilombo ta m'matumbo totchedwa Spironucleus, timene timakhalamo kale mwakachetechete ndipo timachuluka nsomba ikafooka. Ndinapita kwa dokotala wa ziweto amene anandipatsa metronidazole ndi malangizo a kathiridwe kake, ndipo ndinapereka mankhwalawo kwa zonse zisanu ndi imodzi, kutentha nditakweza kufika pa 31. Apa m'pamene ndinayamikira kuti zinali zisanalowe m'thanki yaikulu, chifukwa kutentha kotero kukadamaliza zomera zanga. Yodwalayo inayamba kudya tsiku lachisanu ndi chitatu, ndipo ndowe zake zinabwerera ku mtundu wa chakudya. Kubindikira kumene ndinakonza kuti kukhale kwa masabata anayi kwatha masabata asanu ndi awiri.

Julayi

Discus zalowa m'thanki yaikulu, ndipo madzulo oyamba banja lonse tinakhala pabalaza osayatsa wailesi ya kanema. Zinkayenda pang'onopang'ono pakati pa masamba a Echinodorus, gulu la cardinal likupatuka kuzipatsa njira n'kukumananso kumbuyo kwake. Chisangalalo chimenechi chinatha sabata imodzi, kenako mavuto a kadyedwe anayamba.

Discus imadya mwaulemu. Imayang'ana chakudya, kuchiyandikira, kuchiuzira, ndipo pamene ikuganiza zochimeza rummy-nose zimakhala zitachilanda kale. Kuti discus zikhute ndinayamba kuthira chakudya chambiri, makamaka mtima wa ng'ombe umene ndimagula kubutchala, kuchotsa mafuta ndi mitsempha yonse, kuupera pamodzi ndi sipinachi pang'ono, n'kuuumitsa m'firiji. Chakudya chimenechi chimakulitsa nsomba msanga, koma chimanyenyeka m'madzi, ndipo tizidutswa take tinkalowa m'mapata a Cryptocoryne ndi pansi pa mtengo, kumene Corydoras kapena paipi yanga yokokera zinyalala sizikanafika. Pa masabata awiri nitrate anakwera kuchoka pa 10 kufika pa 40 ppm, mitu ya rummy-nose inatuwa, ndipo m'mphepete mwa masamba a Anubias munamera ndere zakuda zonga ndevu, zimene sizichoka ngakhale munthu atazikanda ndi chikhadabo.

Ndinazindikira kuti zomera zikachuluka malo obisala zinyalala amachulukanso, ndipo pakati pa discus ndi zomera chimodzi chinayenera kugonja. Ndinazula Cryptocoryne yense wa kutsogolo, yemwe uja ndinamudikira mwezi wathunthu kuti aphuke, n'kusiya bwalo la mchenga wokhawokha la masentimita 60 m'litali ndi 20 m'lifupi. Chakudya chonse tsopano chimagwera pabwalo limeneli. Ndimayamba ndawaza chakudya chopepuka kumapeto ena a thanki kuti ma tetra atanganidwe kumeneko, kenako n'kuthira timibulu tomira pang'onopang'ono pabwalo la discus. Mtima wa ng'ombe ndimapereka katatu kokha pasabata, ola limodzi ndisanasinthe madzi, kuti zotsala zonse zichoke ndi paipi. Masamba a Anubias ogwidwa ndi ndere ndinawadula, ndipo nyale ndachepetsa kuchoka pa maola 10 kufika pa 7.

Madzi ndikusintha katatu pasabata, malita 180 ulendo uliwonse. Madzi a pampopi m'nyengo ino amatuluka ozizira kwambiri, ndipo amathiridwa mankhwala ophera majeremusi otchedwa chloramine, amene sauluka msanga ngati klorini wamba ngakhale madziwo atagona mu ndowa, choncho mankhwala ochotsera ndi ofunika nthawi zonse. Ndaika mgolo wa malita 200 m'bafa laling'ono, wokhala ndi hita yake ndi mwala wotulutsa mpweya, ndipo madzi amagonamo usiku umodzi kuti afike pa madigiri 29 ndisanawapope kupita m'thanki. Madzi otuluka m'thanki sindiwataya, amapita kudimba la mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba, ndipo ndiwo zamasambazo zikuoneka kuti zikupindula ndi nitrate amene akundisowetsa tulo.

Ogasiti, sabata yoyamba

Ndinayesa kuwonjezera mpweya wa carbon dioxide kuti zomera zikule msanga n'kupambana ndere. Zomera zinasangalala, koma m'mawa wa tsiku lachitatu, nyale isanayake, ndinapeza discus zonse zili pamwamba zikupuma mofulumira. Madzi ofunda amasunga okosijeni wochepa kusiyana ndi ozizira, ndipo pamtunda ngati wa Johannesburg amasunga wocheperapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Usiku zomera nazo zimasiya kutulutsa okosijeni n'kuyamba kumugwiritsa ntchito. Malangizo ambiri amene ndinkatsatira analembedwa ndi anthu okhala m'malo otsika, ndipo sindinaganizire zimenezi. Botolo la mpweyawo ndalichotsa, ndipo m'malo mwake ndaika mwala wotulutsa mpweya woyaka usiku wonse.

Pigeon blood ziwiri zija zatuluka timadontho takuda pamphuno ndi m'zipsepse ngati zawazidwa tsabola. Si matenda. Mtundu umenewu ulibe mizere yotsika ija, ndipo ukakhala pamalo akuda umaonetsa timadontho m'malo mwake. Kumbuyo kwa thanki yanga ndinapenta kwakuda kuti zomera zizioneka bwino, chimene ndi chinthu chinanso chimene ndinachitira zomera osaganizira nsomba.

Ogasiti kumapeto mpaka Sepitembala

Red turquoise ziwiri zinayamba kudzipatula pagulu, osati ngati yodwala ija, koma zikuyenda limodzi, kuweramirana ndi kunjenjemeretsa zipsepse. Kwa masiku atatu zinkajompha tsamba limodzi lalikulu la Echinodorus mpaka linayera, ndipo zinathamangitsira zinzake zinayi kumbali ina ya thanki. Madzulo ena nditangomaliza kusintha madzi, yaikazi inayamba kukwera tsambalo kuchokera m'munsi, mimba itagunda tsamba, ikusiya mzere wa timazira tachikasu tofiirira, ndipo yaimuna inkatsatira pambuyo pake. Ntchitoyi inatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ndinawerenga mazira oposa 150 ndisanasokonezeke. Kutacha tsambalo linali lopanda kanthu. Sindinaone amene anadya, koma makolo achinyamata amadziwika kuti amadya okha mazira awo oyamba.

Patatha masiku asanu ndi anayi zinaikiranso, ulendo uno pagalasi la hita, ndipo mazira onse anayera chifukwa cha kutentha kwa hitayo. Ndinaiphimba ndi chotchingira chapulasitiki. Ulendo wachitatu zinabwerera kutsamba lija, ndipo makolo onse awiri ankasinthana kukupiza mazira ndi zipsepse za pachifuwa n'kumachotsa ndi pakamwa amene ayera. Pafupifupi theka anayera, zimene mwina zachitika chifukwa madzi anga ali ndi michere yambiri kuposa imene mazira a discus amafuna, ngakhale kuti nsomba zazikulu zikukhalamo bwino. Otsalawo anaswa m'mawa wa tsiku lachitatu, tiana tili lendelende patsamba ndi kaulusi ka pamutu, timichira tikugwedezeka mosalekeza. Kamodzi kakagwa kholo linkakatola ndi pakamwa n'kukalavulira pa tinzake.

Patapita masiku ena atatu tinayamba kusambira, ndipo ndinaona ndi maso anga chinthu chimene chinandikopa kuti ndiyambe ntchito yonseyi. Makolo anada thupi, ndipo tiana tonse tinakakamira m'nthiti mwawo, tikujompha ntchofu imene khungu la kholo limatulutsa pa nthawi imeneyi, yomwe ndi chakudya chawo choyamba. Kholo limodzi likatopa linkayandikira linzake, kudzigwedeza mwamphamvu kamodzi n'kuthawa, ndipo kamtambo konse ka tiana kankasamukira pa linalo. Mbuna yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata atatu osadya, ndipo zimenezo ndinaziona kambirimbiri, koma kuona nsomba ikudyetsa ana ndi thupi lake kunali koyamba.

Tianato tinali pafupifupi 40 tsiku loyamba, 15 tsiku lachiwiri, ndipo tsiku lachinayi panalibe ndi kamodzi komwe. Cardinal, zimene ndinkaziona ngati zofatsa, zinkazungulira chapatali, ndipo kamwana kakangotalikira kholo pang'ono zinkakatola mwachangu. Tina tinasokera kumtengo wa tsanya ndi kukhoma lakuda lija, popeza tiana ta discus timalondola chinthu chakuda poganiza kuti ndi kholo.

Okutobala

Kutentha kwa chilimwe kwayamba, ndipo mahita sakuyaka kawirikawiri. Discus zonse 6 zili moyo, yaikulu yafika masentimita 15, ndipo yodwala ija, ngakhale ikadali yomaliza pa kudya, yafika 12 ndipo chipumi chake chadzaza. Cardinal zatsala 26, rummy-nose zonse 15 zilipo ndi mitu yofiira, ndipo Corydoras zaikira mazira kawiri pagalasi. Nitrate amakhala pakati pa 10 ndi 15 ppm ndisanasinthe madzi, zimene zandilola kuchepetsa kusinthako kukhala kawiri pasabata, kupatula sabata imene ndapereka mtima wa ng'ombe wambiri.

Mwa mitundu isanu ndi iwiri ya zomera imene ndinadzala mu Malichi yatsala isanu, ndipo Cryptocoryne watsala kumbali kokha. Echinodorus wakula mpaka masamba ake afika pamwamba pa madzi, ndipo ndikumuwonjezera timibulu ta feteleza miyezi iwiri iliyonse, chifukwa ndikachedwa masamba atsopano amatuluka otuwa. Vallisneria akuyanga mofulumira kuposa zonse, moti mphukira zake zafika kale pabwalo lodyera, ndipo Loweruka lililonse ndimazula zimene zadutsa malire. Ndere zakuda zikadalipo pang'ono pa mtengo, koma pa masamba atsopano a Anubias sizinabwerenso.

Banja la red turquoise lija laikira mazira kachisanu sabata yatha, ndipo chifukwa cha ilo discus zinayi zikukhala mopanikizana m'gawo limodzi mwa magawo atatu a thanki. Ndatsuka thanki yobindikiritsira ija, ndapenta pansi ndi m'mbali mwake koyera kuti chakuda chokha m'menemo chidzakhale makolo, ndipo ndaikamo siponji yoyera ndi kachulu kadothi koikirapo mazira. Makina osefa madzi a reverse osmosis ndawaitanitsa, kuti m'thanki imeneyi ndizisakaniza theka la madzi osefedwa ndi theka la apampopi, ndipo mazira a brine shrimp, tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi amchere todzadyetsa tiana tikadzayamba kuchoka pa makolo, ali kale m'firiji. Banjali ndilisamutsa Lamlungu likubwerali m'mawa, ndikangomaliza kusintha madzi a m'thanki yaikulu.